Ba Sir, Ba Madam, Ba Librarian: Koleji Ili mu Foni Yanu

Makosi a mahala a aphunzitsi na osunga malaibulale ni ambili pa intaneti. Nkhani ili pa kusankha imodzi yoyenela, kuisiliza, na kudziwa pepala limene lili na nchito na limene ni gong'a.

Tiyeni tiyambile pa bundle. Malipilo akalowa mumagula ka 5GB kanu pa Airtel, MTN kapena Zamtel, koma sabata ikalibe kusila, meseji yabwela kale ati kasila. Kayenda kuti? Pa TikTok, pa Facebook, pa ma status a anthu amene simukamba nawo n'komwe, na pa gulu la WhatsApp la banja limene limatuma vidiyo imodzimodzi katatu. Palibe amene akuimbani mlandu, ndiye umoyo wa pa tauni. Koma ngati ndimwe mphunzitsi, kapena ndimwe musunga makiyi a laibulale, kapena munasiliza koleji ndipo mukali kuyembekeza kuti dzina lanu lituluke pa recruitment, mvelani iyi: hafu ya bundle ija ikwanitsa kukuphunzitsani kosi yathunthu yocokela ku yunivesiti ya ku Britain, muli khale pa mpando wanu ku Kanyama, ku Chawama kapena ku Mtendere.

Kale, mphunzitsi akafuna kuwonjezela nzelu anali kuyembekeza workshop. Ndipo mudziwa mmene ma workshop amayendela. Kalata ibwela kwa ba Head, mayina awili cabe ndiye afunika, ndipo opita amakhala amodzimodzi caka na caka cifukwa kuli ka allowance na nkhuku ya pa lunch. Imwe amene munabwela mailo, yembekezani. Manje mzele uja mungaudumphe. Kosi ya pa intaneti siifunsa kuti ndimwe a ndani pa sukulu, siifuna ya transport, ndipo makosi ambili ni a mahala. Vuto lake ni lakuti ni ambili maningi. Ena ni abwino, ena ni otayitsa nthawi, ena ni misampha ya akawalala.

Kalasi yasintha

Kucokela mu January 2022, pamene boma linacotsa malipilo a sukulu, ana anabwelela m'makalasi ambilimbili. Ni nkhani yabwino, koma amene aimilila kutsogolo na coko ndiye adziwa kulema kwake. M'masukulu ena a m'komboni kalasi imodzi imafika ana 80, olo kupitilila. Caka cimeneco boma linalemba nchito aphunzitsi 30,496 panthawi imodzi, ndipo ambili a iwo anangocoka pa benchi ya ulova n'kugwela m'khamu la conco.

Ndiyeno mu 2025 silabasi yatsopano inayamba kusebenza, kuyambila ku ECE, Giledi 1 na Fomu 1. Pulaimale manje isilila pa Giledi 6. Mayina a makalasi ni nkhani yaing'ono. Cacikulu n'cakuti silabasi iyi ifuna mwana aonetse zimene akwanitsa kucita na manja na mutu wake. Kuloweza manotsi n'kukawasanza pa mayeso sikukwanilanso. Mphunzitsi amene anazolowela kudzaza bolodi kucokela kumanzele mpaka kumanja, ana n'kumakopa mwakacetecete, afunika njila zina, ndipo orientation ya masiku ocepa siingamupatse zonse.

Palinso nkhani ya laisensi. Lamulo la Teaching Profession Act la 2013 ndiye linabala Teaching Council of Zambia, imene tonse timaicha TCZ. Aliyense wophunzitsa, kaya ku sukulu ya boma kapena ya private, afunika kulembetsa na kukhala na practising certificate imene imakonzedwanso pakapita zaka zitatu. Bungwe limeneli ndiyenso liyang'anila za CPD, kutanthauza kupitiliza kuphunzila uli kale pa nchito. So kuphunzila sikulinso kwa okonda mabuku cabe.

Ku laibulale nako zinthu sizinaime. Wacinyamata amene alowa lelo samangofunsa buku. Afunsa kumene angapeze past papers, mmene angatsegulile imelo, mmene angafunsile malo ku koleji pa intaneti, ndiponso ngati nkhani imene waona pa Facebook ni yoona. Mukamuyankha kuti "ife tidinda cabe mabuku", mailo sabwelanso.

Yambani na zimene zinalembedwela kalasi monga yanu

Mukasakila makosi a aphunzitsi pa Google, zambili zimene zimatuluka pamwamba zinalembedwela mphunzitsi wa ku America amene ali na ana 20, projector, na laputopu pa desiki iliyonse. Zimenezo zisiyeni coyamba. Dzina loyamba kulemba ni TESSA. Ni pulogilamu imene inayamba mu 2005, ya Open University ya ku Britain pamodzi na mayunivesiti a muno mu Africa, ndipo amene analemba zophunzitsila zake anali kuganizila kalasi ya ana ambili, mabuku ocepa, malaiti kulibe. Muli za kuwelenga na kulemba, masamu, sayansi, social studies na maluso a umoyo. Zonse ni za mahala ndipo mungazikope mu foni monga PDF.

Dzina laciwili ni ZEST, imene ni yathu-yathu. Inayamba mu 2017 ku Central Province, Open University inasebenzela pamodzi na World Vision Zambia na unduna wa maphunzilo, ndalama zinacokela ku boma la Scotland. Ubwino wake ni wakuti inamangidwa pa zimene sukulu iliyonse ya boma ili nazo kale, ndiye ma Teacher Group Meeting aja a mu SPRINT. Zolemba zake zili pa OpenLearn Create, aliyense angazitenge.

Kodi muli ciani? Muli zinthu zimene mungayese pa Monday m'mawa popanda kugula ciliconse. Mwacitsanzo, mukafunsa funso, osathamangila kusonta uja amene amaimika dzanja nthawi zonse. Khalani cete kamphindi, uzani ana akambilane awiliawili, ndiye musankhe aliyense. M'kalasi ya ana 80, njila yakale imapatsa mwana mmodzi mpata wokamba, koma iyi imapatsa ana 40 panthawi imodzi, ndipo enawo 40 amvetsela mnzawo amene ali naye pafupi. Mulinso mmene mungagawile magulu popanda kalasi kusanduka City Market, mmene mungasewenzetsele tuvalo twa mabotolo, makatoni na timitengo pa masamu, na mmene mungadziwile kuti mwana wamvela musanafike pa end of term test.

Zioneka zazing'ono, koma ndiye zimene silabasi yatsopano ifuna. Ndipo ngati ndimwe mukali kuyembekeza nchito, muphunzitsa pa ka private ka m'komboni, pa community school kapena ma tuition pa khonde, izi ndiye zimene mudzakamba pa interview akakufunsani kuti kalasi yaikulu mungaigwile bwanji.

Makomo ena otseguka

OpenLearn, ya Open University imodzimodzi, ili na makosi ambilimbili a mahala. Ena ni a maola ocepa cabe, ena ni a maola 24 ogawidwa pa masabata 8, ndiye kuti maola atatu pa sabata. Mukasiliza mumalandila pepala loonetsa kuti munatengako mbali, popanda kulipila olo ngwee. Zambili ni zowelenga, so bundle siivutika.

Commonwealth of Learning, bungwe la maiko a Commonwealth limene lili ku Canada, limacititsa makosi a mahala a masabata ocepa, kawilikawili a mmene mungaphunzitsile na teknoloji. Awa amakhala na tsiku loyamba na lotsekela, conco muyenela kumayang'ana pa webusaiti yawo. Aphunzitsi a Cizungu, British Council ili na TeachingEnglish, kumene kuli makosi, ma webinar na ma lesson plan okonzeka kale.

Amene muphunzitsa computer studies, kapena ba Head anangokusontani kuti "imwe ndimwe acinyamata, gwilani lab", Microsoft na Google onse ali na maphunzilo a mahala a aphunzitsi. Kuphunzila sikulipilidwa.

Ndiye kuli akuluakulu awili, Coursera na edX, onse anayamba mu 2012. edX inayambitsidwa na Harvard na MIT, Coursera na aphunzitsi awili a ku Stanford. Pa edX makosi ambili mungawaphunzile mahala ngati simufuna setifiketi. Pa Coursera, sakilani mawu akuti financial aid pafupi na batani lolembetsela. Mumalemba m'Cizungu cifukwa cimene mufunila kosiyo na mmene thumba lanu lilili, muyembekeza pafupifupi masabata awili, ndipo akavomela amakucepetselani mtengo kwambili. Lembani zoona, m'mawu anu. Osakopa kalata ya mnzanu ya pa WhatsApp.

Pano pali msampha umene sucokela kwa akawalala koma kwa ife tekha. Munthu akaona zonse izi ni za mahala amalembetsa makosi 7 usiku umodzi, monga wafika pa salaula bale itangotsegulidwa. Pakapita mwezi, palibe olo imodzi imene wasiliza. Ofufuza za makosi aakulu a pa intaneti anapeza kuti pa anthu 10 olembetsa, osiliza nthawi zambili safika olo awili. Akulu anati mapanga awili avumbwitsa. Dzifunseni funso limodzi: n'ciani cinanivuta maningi term yatha? Ana osadziwa kuwelenga mu Giledi 5? Phokoso? Ma fraction? Excel ya ma marks? Yankho lake ndiye kosi yanu. Imodzi.

Ba Librarian, simunaiwalike

Osunga malaibulale ali mitundu iwili. Pali amene anaphunzila nchitoyi ku Evelyn Hone College kapena ku UNZA, ndipo asebenza m'makoleji, m'malaibulale a khonsolo monga ija ya mu Katondo Street, a Zambia Library Service, kapena a Lubuto monga ya ku Kamwala na ku Garden. Ndiye pali mphunzitsi wa Cizungu amene tsiku lina anangopatsidwa makiyi a cipinda codzala mabuku a donation na fumbi. Nonse awili intaneti ili na zanu.

Imwe a makiyi, yambani na WebJunction, ya bungwe la OCLC la ku America. Mumatsegula akaunti mahala, ndipo muli makosi aafupi a zoyambilila: kuika mabuku m'mashelufu, kucotsa mabuku amene anatha nchito, kulandila anthu, kukonza nthawi yowelengela ana nthano. Phunzilani Dewey, njila imene imagawa nzelu zonse m'magulu 10, kucokela pa 000 mpaka 999. Sayansi ikhala pa 500, zaumisili na zaulimi pa 600, ndakatulo na masewelo pa 800, mbili na geography pa 900. Mukangodziwa izi, marker imodzi na makatoni a pa kantemba zikwanitsa kusandutsa stoo ija kukhala laibulale mu holide imodzi.

Ngati mabuku a Cinyanja mulibe, pitani pa African Storybook, ya bungwe la Saide la ku South Africa. Muli nthano za ana za zithunzi m'zinenelo zambili za mu Africa, Cinyanja cilimo, ndipo laisensi yake imakulolani kukopa, kupulinta na kumasulila. Ngati muli na kompyuta olo imodzi koma intaneti kulibe, phunzilani Kiwix, imene imasunga Wikipedia mu kompyuta, na Kolibri, imene imasunga maphunzilo a mavidiyo. Mumakopa kamodzi kumene kuli Wi-Fi, ana n'kumasewenzetsa caka conse.

Imwe a diploma na digili, yang'anani ma advert a nchito za laibulale masiku ano. Mayina awili amabwela kawilikawili: Koha na DSpace. Koha ni pulogilamu yoyendetsela laibulale, kulemba mabuku, kubweleketsa na kutsatila amene sanabweze. Inayambila ku New Zealand, inayamba kusebenza mu 2000, ndipo dzina lake m'cinenelo ca Amaori litanthauza mphatso, cifukwa siigulitsidwa. DSpace ni yosungilamo ma thesis na zofufuza, ndipo UNZA ndiye imene isewenzetsa. Zonse ziwili zili na mabuku a malangizo a mahala, ndipo Koha ili na malo oyeselela pa intaneti kumene mungalakwitse mmene mufunila popanda kuononga ca munthu. Amene alowa mu interview atalembapo kale mabuku 50 mu Koha amakamba mosiyana na amene anangomva dzina.

Tsatilani mabungwe a nchito yanu. Kuno kwathu ni LIAZ, Library and Information Association of Zambia. Ya Africa yonse ni AfLIA, imene ili ku Accra, Ghana, ndipo imacititsa ma webinar na makosi. Mu 2021 inaphunzitsa osunga malaibulale a m'maiko ambili kulemba na kukonza nkhani pa Wikipedia. Ya dziko lonse ni IFLA, ku The Hague. EIFL, imene isebenzela pamodzi na ZALICO, gulu la malaibulale a kuno, imaphunzitsa za open access na copyright. Ndipo ngati musebenza pa koleji ya manesi, ya zaulimi kapena pa cipatala, musagone osadziwa Research4Life. Ni khomo lolowela ku magazini a ofufuza amene kwina amalipilidwa ndalama zambili, ndipo lili na mbali zisanu: Hinari ya zaumoyo, AGORA ya zaulimi, OARE ya zacilengedwe, ARDI ya sayansi na zopangapanga, na GOALI ya zamalamulo. Amene amalembetsa ni koleji kapena cipatala, munthu payekha salembetsa, ndipo iwo amakhala na kosi ya mahala yophunzitsa kasewenzetsedwe kake. Librarian amene watsegulila ma lecturer khomo limeneli saonedwanso monga mlonda wa mashelufu.

Bundle na malaiti

"Ivi ni va anthu a ku Kabulonga amene ali na Wi-Fi na solar." Mwina ndiye zimene muganiza. Zoona, kuphunzila pa foni m'nyumba ya zipinda ziwili, ana alila, mbaula ifuna malasha, malaiti ayenda, si masewela. Tonse tikumbuka 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo malaiti anali kuyenda maola 17 pa tsiku, nthawi zina kupitilila. Koma pali njila zocepetsela mtolo.

Cimene cimadya bundle ni vidiyo. Ola imodzi pa 720p imadya pafupifupi 1GB. Mukaitsitsa pa 360p siifika olo hafu yake, ndipo nkhope ya lecturer simufunika kuiona bwino-bwino, mufunika mawu ake. Makosi ambili amaika transcript pansi pa vidiyo, ndiye kuti zonse zimene wakamba zolembedwa. Welengani imeneyo, vidiyo muisiye. PDF ya masamba 30 nthawi zambili siifika olo 5MB. Pa Zoom, valani kamela yanu. Zolema zikopeni usiku na night bundle, kapena pa Wi-Fi ya ku nchito ngati iliko, ndiye muziwelenge data ili yovala, mu basi ya ku Matero kapena pa free period.

Samalani na nthawi ya ma webinar. Accra ili kumbuyo kwa Lusaka na maola awili, so akalemba 14:00 GMT, kuno ni 16:00. London imasiyana nafe na ola imodzi kapena awili malinga na nyengo yawo, New York na maola 6 kapena 7. Olo muone kuti nthawiyo mudzakhala m'kalasi, lembetsani cabe, cifukwa ambili amatumiza recording kwa onse olembetsa.

Nthawi nayo igwileni monga pamela. Amene alibe ya saka ya 25kg sagona na njala, amagula ka pamela tsiku na tsiku. Mphindi 25 m'mawa ana akalibe kuuka, kapena madzulo nsima ikasila, masiku asanu pa sabata, ni maola awili. Ba Madam, nchito za pa nyumba zimagwela imwe maningi, ndiye kambani poyela kuti mphindi izi ni za sukulu, wina asuke mbale. Ba Sir, ngati Madam ndiye aphunzila, mbale zija si za mlendo.

Cina cacing'ono cimene cimaliza anthu: polembetsa, lembani dzina mmene lilili pa NRC. Setifiketi ikatuluka na dzina la pa Facebook, ba Head sangaiike mu file yanu. Tsegulani imelo ya dzina lanu lenileni, ndipo setifiketi iliyonse muisunge mu Google Drive, cifukwa foni imabedwa pa station.

Pepala na pepala zimasiyana

Apa mvetselani bwino, cifukwa ndiye pamene anthu amatayila ndalama na mtima. Pepala la kosi ya masabata anayi ni umboni wakuti munaphunzila. Ni labwino pa CV, ni labwino pa appraisal, ndipo lingakusiyanitseni na anzanu pa interview ya ku private. Koma si diploma, si digili, ndipo palokha silikweza salary scale. Silikulowetsani pa recruitment ngati mapepala a ku koleji na TCZ mulibe. Aliyense amene akulonjezani zimenezo akunamizani. Ngati mufuna kuti kosi iwelengedwe pa CPD yanu, funsani ku TCZ kapena kwa SIC wa pa sukulu yanu musanalipile ciliconse. Safunsa anadya phula.

Ngati cimene mufuna ni upgrade, njila yake ni distance ya zoona: UNZA, Chalimbana University, Kwame Nkrumah University ku Kabwe, Mukuba University ku Kitwe, Zambian Open University na ena olembetsedwa. Kumeneko kuli malipilo, ma assignment na mayeso, ndipo zimatenga zaka. Musanapeleke ndalama ku yunivesiti iliyonse ya kuno, onani ngati ili pa mndandanda wa Higher Education Authority. Ngati ni ya kunja, dziwani kuti pepala lake lidzafunika kupita ku ZAQA, Zambia Qualifications Authority, kuti aliyese. Ni bwino kufunsa poyamba kusiyana na kutenga nkhongole ya zaka zitatu, mwina mpaka kaloba, pa digili imene ZAQA idzaikana.

Ndiye kuli ba gong'a. Mudzawadziwa na zizindikilo izi. Uthenga wawo umayenda pa WhatsApp uli na logo ya UN kapena ya yunivesiti yochuka, koma pa webusaiti ya eni ake kulibe nkhani imeneyo. Amafuna ka K150 ka "registration" pa nambala ya mobile money ya munthu. Amati malo atsala atatu cabe, lipilani lelo. Amalonjeza diploma m'masabata awili, kapena setifiketi popanda mayeso. Ena amafunsa cithunzi ca NRC na PIN. Bungwe la zoona silifunsa PIN yanu. Mukakumana nawo, osatuma olo ngwee, auzeni a ZICTA kapena apolisi, ndipo cenjezani anzanu pa gulu.

Kugula pepala nako kuli na malipilo ake. Mu 2017 TCZ itayamba kufufuza mapepala a aphunzitsi, inapeza mahandiledi a anthu amene anali kusebenza na ma setifiketi abodza, ndipo ambili nchito inawathela pamenepo. Masiku ano kufufuza pepala ni nkhani ya mphindi zocepa pa kompyuta.

Citani cilimba ca maphunzilo

N'cifukwa ciani cilimba cimayenda pamene kusunga wekha ndalama kumakanga? Cifukwa pali anzako amene adzakufunsa pa tsiku lake. Kosi nayo ni cimodzimodzi. Pezani anzanu atatu kapena anayi, a pa sukulu imodzi kapena amene munali nawo ku koleji, mulembetse kosi imodzi tsiku limodzi. Pangani ka gulu ka WhatsApp ka kosi cabe, kopanda ma good morning a maluwa. Mmodzi akope zolema n'kugawila anzake pa Bluetooth, ya bundle musonkhelane. Pa Friday aliyense akambe cinthu cimodzi cimene wayesa m'kalasi kapena mu laibulale, na mmene cayendela, olo cikhale kuti cakanga.

Sabata yoyamba ikhale yosankha vuto na kulembetsa. Yaciwili na yacitatu, kuwelenga na kuyesa. Sungani kabuku kolembamo tsiku, zimene mwayesa, na zimene ana acita. Sabata yacinayi, pitani kwa SIC mupemphe mphindi 15 pa Teacher Group Meeting yotsatila, muonetse anzanu njila imodzi, iwo akhale ana a sukulu, imwe muphunzitse. Ba Librarian, imwe pemphani mphindi zimenezo pa staff meeting, kapena itanani Giledi 3 ibwele kudzamvela nthano ya Cinyanja imene mwapulinta.

Mudzapeza ena oseka, amene adzati "wafuna u-Head". Alekeni. Zimene mwaphunzitsa anzanu zimalembedwa m'buku la CPD la sukulu, ndipo tsiku limene ba DEBS adzafuna munthu wothandiza zone pa silabasi yatsopano, ba Head adzakumbuka amene anaimilila kutsogolo. Koma olo asakumbuke, pali mwana uja wa pa benchi ya kumbuyo amene wafika Giledi 5 akalibe kuwelengapo chaputala cimodzi payekha. Iye sadziwa za TESSA kapena Koha. Adzangoona kuti term ino ba Ticha anamufunsa funso n'kuyembekeza yankho lake, ndipo laibulale imene inali yokhoma manje imatsegulidwa pa break.

Bundle yotsatila mukagula, patulani 1GB musanatsegule TikTok. Lembetsani kosi imodzi, na dzina la pa NRC.